Bakayawo wa Asewere Anga

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi Mpwitikizi. Mnyamatayo anabwera kuno ku Mwanza nthawi imene ankamanga njanji yochokera ku Mozambiki, ndipo ankagula manachesi pabenchi langa pamsika wa paboma. Anagula manachesi, anagulanso manachesi, mapeto ake anatenga ndi mwana yemwe. Ukwati tinachitira konkuno, koma kuchimuna sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe. Anati bambo ake ali chigonere ndipo mayi ake sangawasiye okha. Ndinavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinasunga. Mayi amene sanabwere kudzaona kumene mpongozi wake anabadwira, angamukonde bwanji?

Choncho mwana wanga ndi mwamuna wake atanditumizira tikiti ya ndege kuti ndikadye nawo Khrisimasi mumzinda wa Porto ku Ulaya, sindinanyamuke kuti ndikaone nyumba zosanja. Ndinapita kukaona ndi maso angawa ngati mwana wanga akufunidwa pabanja limenelo kapena akungomupirira.

Kuno ndinasiya mvula ndi chifundi, chimanga chikungomera. Kumeneko ndinapeza kuzizira kopanda ulemu, kolowa mpaka m'mano. Mwana wanga anandiveka chijasi cha mwamuna wake ndi kunditenga kuti tikazungulire m'misika. Kunena zoona, mzindawo unandikomera. Misewu anaimangirira timagetsi kuyambira tsidya ili mpaka tsidya ilo, ndipo m'makona munali abambo okazinga mtedza wina waukulu wa m'mitengo pambaula, utsi uli tolotolo ngati pa anyamata ootcha chimanga paboda. Ndinagula, ndinapsa zala, ndinagulanso. Chipwitikizi changa chotola kwa madalaivala ndi azimayi a ku Zobue ndinachitulutsa chonse. Ogulitsa ankaseka, koma ankamva.

Ndinapezanso manachesi, mu Disembala! Ndinasenda limodzi pomwepo, mwini wake akuyang'ana. Linali lotsekemera ndithu, koma fungo lake silifika pa a kwa Kanduku, ndipo ndinamuuza mwana wanga kuti amasulire zimenezo. Anakana.

Vuto linayamba nditafunsa za nkhuku.

"Zamoyo amagulitsa kuti? Sindingakalowe kwa asewere anga chimanjamanja."

"Amayi, kuno nkhuku sikwera basi," anatero iye. "Tigule keke."

Tinagula keke yawo ya pa Khrisimasi, yoboola pakati ngati nkhata, yomata zipatso pamwamba. Tikutuluka m'sitolomo, mphuno yanga inagwira fungo limene ndimalidziwa ngakhale nditatseka maso. Sitolo yoyandikana nayo inali yodzaza ndi bakayawo, nsomba youma yamchere ija, koma zazikulu ngati lichero, atazisanja mpaka kudenga. Anthu ovala bwino anali pamzere mpaka panja, aliyense akutembenuza nsomba yake ndi kuinunkhiza.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kwathu bakayawo ndi ndiwo ya mu Januwale, pamene Khrisimasi yadutsa ndi kusesa m'matumba. Malemu amuna anga okha ndiwo ankamukonda nthawi iliyonse. Ankamubweretsa kuchokera kuboda atamukulunga m'nyuzipepala, ine n'kumakaphikira panja chifukwa cha fungo, tikukangana.

"Kuno ndiye ndiwo ya Khrisimasi imeneyo, Amayi," anatero mwana wanga.

"Akakhala okha, mwina," ndinayankha. "Koma mlendo akabwera amapha nkhuku. Zimenezo n'za dziko lonse lapansi."

Iye anangopitiriza kuyenda, ine ndinayesa kuti wavomereza.

Kumeneko phwando lalikulu amachita madzulo a tsiku loti mawa ndi Khrisimasi. Tinakwera masitepe a nyumba yakale, ndipo chitseko anatsegula ndi mayi wamfupi wovala zakuda, chifukwa amuna awo aja anali atamwalira. Amenewo ndiwo anali asewere anga, mayi a mkamwini wanga. Ndinakonzeka kuwapatsa moni wa manja awiri, koma iwo anandikumbatira n'kundipsompsona masaya onse. Ndinangouma ngati mtengo. Ndinawapatsa keke ija ndi chitenje chimene ndinachokera nacho kuno, ndipo anachifunda paphewa nthawi yomweyo.

Patebulo tinakhala anthu anayi, koma mbale zinali zisanu ndi imodzi. Ndinati alipo ena akubwera, anthu ochedwa ali ponseponse.

Kenako chakudya chinafika. Bakayawo wowiritsa, mbatatesi yowiritsa, kabichi wowiritsa ndi mazira owiritsa. Panalibe tomato, panalibe msuzi, anangothira mafuta osaphika pamwamba. Ndinayang'ana kuchitseko cha kukhitchini, ndikuyembekeza kuti zenizeni zikubwera. Asewere anakhala pansi n'kupemphera.

"Nkhuku ili m'mbuyo?" ndinanong'oneza mwana wanga.

"Palibe nkhuku, Amayi."

"Nanga mpunga?"

"Amayi, chonde."

Mtima unandipweteka, sindinama. Sinali njala ayi. Kwathu ngakhale wosauka wotheratu, sewere wake akabwera, amathamangitsa nkhuku yomaliza ngakhale ili yofungatira. Ine ndinali nditadutsa nyanja, ndipo anandiikira ndiwo ya mu Januwale. Ndinaganiza kuti ngati akuchita chonchi ine ndilipo, nanga ndikachoka mwana wanga amamudyetsa chiyani? Ndinamuyang'ana m'mikono kuona ngati waonda. Sanaonde, koma zimenezo sizinanditonthoze.

"Ngati sakukufuna unene," ndinatero chapansipansi. "Tibwerera limodzi. Benchi langa likadalipo."

Mwana wanga anatseka maso monga ankachitira ali wamng'ono ndikamamukalipira pagulu. Asewere anafunsa kuti ndikuti chiyani, iye anawayankha m'Chipwitikizi, ndipo anamwetulira n'kundionjezera nsomba. Mpaka lero sindidziwa bodza limene anawauza. Ndinadya mbatatesi ndi dzira, nsombayo ndinangoikankhira pambali.

Titatha kudya ndinaimirira kuti ndichotse mbale, aone kuti kwathu tinaleredwa ngakhale atilandire motani. Ndinayambira pa ziwiri zija za anthu amene sanabwere. Asewere anandigwira dzanja mwamphamvu, akupukusa mutu.

"Zisiyeni, Amayi," anatero mwana wanga. "Lero tebulo sachotsa. Amasiya chonchi ndi chakudya chomwe mpaka mawa, kuti a pabanja amene anatsogola akabwera asapeze kwawo kopanda kanthu. Iyo mwagwirayo ndi ya malemu apongozi anga."

Ndinaibwezera msanga. Za mizimu ife sitichita nazo masewera, ngakhale timapita kutchalitchi.

"Nanga inayo?"

Anayankha ndi mkamwini wanga, ndi Chichewa chake chopindika cha panjanji chija.

"Ya abambo. Abambo a ku Mwanza."

Sindinamve bwino, ndiye anafotokoza pang'onopang'ono. Khrisimasi yoyamba mwana wanga ali kumeneko, atangomva fungo la nsombayo analira patebulo. Asewere anafunsa chimene chalakwika, ndipo anawauza kuti bambo ake, amene anamwalira iye asanakwatiwe, ankaikonda nsomba imeneyo kuposa nyama. Asewere anapita kukabati, anatenga mbale ina n'kuiika pafupi ndi ya amuna awo. Kuyambira pamenepo amaiika chaka chilichonse, ndipo chaka chino anaviika nsombayo m'madzi masiku angapo, akusintha madzi okha osalola wina kukhudza, chifukwa kukubwera mkazi wa mwini mbaleyo.

Ndinayang'ana mbale ija. Inali yoyera yamaluwa abuluu, foloko ndi mpeni zili pambali, ngati kuti amuna anga anagwirapo foloko. Munthu amene sanapitirirepo pa Tete anali ndi malo ake patebulo la ku Ulaya, ndipo ine mkazi wake ndinali ndisanamusiyirepo ngakhale kapu ya madzi pa Khrisimasi. Mayi amene ndinamuweruza kuti sasamala kumene mwana wanga anachokera anali akulandira bambo ake chaka ndi chaka.

Ndinakhala pansi. Ndinakoka mbale yanga n'kudya nsomba ija yonse, itazizira kale, ndi manja. Misozi inkagwera momwemo, koma mchere unalimo kale, palibe chinaonongeka. Asewere anakhala pafupi nane, chitenje chili paphewa, akundisisita pamsana ndi kulankhula zawo, ine ndikuyankha zanga. Za nkhuku sindinasinthe maganizo, ndipo akadzabwera kuno adzaiona ikuthamangitsidwa. Koma benchi lija sindinalitchulenso.

Nditapukuta m'maso ndinayang'ananso mbale ya malemu, ndipo ndinaona kuti pakusowa kanthu.

"Uwauze asewere," ndinatero kwa mwana wanga, "kuti bambo ako bakayawo wopanda tsabola sadya. Angobwerera pakhomo."

Ulendo uno anamasulira zoona. Asewere anaimirira mofulumira, anapita kukhitchini, ndipo anabwera ndi kabotolo ka tsabola wofiira. Anakatsegula n'kukaika pambali pa mbale ya amuna anga, kudzanja lamanja.