Bambo Anasuta Mathero a Buku la Eni

Ine buku likandigwira sindikhazikika. Ndimawerenga chiimire, ndimawerenga ndikuyenda, mpaka tsiku lina ndinapunthwa pa chitsa ana a kalasi yanga akuona. Koma kuno kumapiri a Ntchisi kumene ndimaphunzitsa, buku la nkhani yaitali silipezeka ngati tomato pamsika. Mabuku onse amene ndinawerenga zaka zimenezo ankachokera kwa munthu mmodzi, namwino wina wa pa Dowa Boma amene tinadziwana pa ukwati. Obwereka tinalipo amayi asanu pa gulu la pa foni, mwini mabuku anali iyeyo. Ankatibwereka mmodzimmodzi, ndipo pobweza unkakhala naye pakhonde n'kukangana za anthu a m'bukumo mpaka tiyi kuzizira.

Tsiku lina anatulutsa limene ankalikonda kuposa onse, la mayi wina amene anathawa banja n'kukayamba geni m'tauni.

"Asisi, ili sindibwereketsa," anatero. "Ndi limodzi lomweli, ngakhale ku Lilongwe simungalipeze. Koma inu ndimakudziwani, mumasamala."

Ndinanyada, ndisaname. Anzanga anayi aja anali asanaligwirepo n'komwe.

Sukulu itatsekera ndinapita nalo kumudzi. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ndinkathandiza bambo anga m'chigafa, buku lili pa belo pafupi. Ndinali nditafika pamene mwamuna wa m'bukumo walondola mkazi wake mpaka pamsika, waima patsogolo pa benchi yake. Pomwepo amayi anandituma kuchigayo. Ndinapita mtima uli m'buku, mzere wa kuchigayo n'kumauona ngati sukuyenda.

Pobwera ndinapeza bambo atatsamira nsanamira, utsi uli tolotolo. Ndinatsegula buku kuti ndipitirize. Mayo ine! Kumapeto kunali mano okhaokha a mapepala ong'ambidwa.

"Ababa, mwatani buku ili?"

"Ndapichirira chingambwe," anayankha osatekeseka. "Usadandaule, ndaona kuti kutsogoloku ukuwerengako, ndiye ndatenga kumbuyo. Pajatu ngakhale makope anu ndinkang'amba kumbuyo, palibe analirapo."

Anawonjezanso kuti pepala lake ndi labwino, silikanda pakhosi ngati la nyuzipepala, moti ena anagawirako anzawo awiri amene anadzacheza. Ndinapsa mtima kwambiri. Koma ungawakalipire bwanji bambo ako, munthu amene anakuphunzitsa sukulu ndi fodya yemweyo? Ndinangotuluka n'kukazungulira kuseri kwa khola ngati nkhuku yofuna poikira.

Sabata yonse sindinapeze mtendere. Ndikati ndiimbe foni ndinene, chala chinkakana. Ndikati ndikhale chete, namwino uja ankalemba pa gulu: "Aphunzitsi, mwafika pati? Mwalira kale?" Ine n'kumayankha kuti ndatsala pang'ono. Ndinkasesa posesa kale, kutsuka mbale zotsuka kale. Amayi mpaka anandifunsa ngati ndayambana ndi bambo a kunyumba.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kutsika mapiri aja kupita kwa namwino uja, fumbi lili kobo, buku nditalikulunga m'jumbo n'kumanga mfundo ziwiri. Nzeru yanga inali yopusa: ndimupatse chomangamanga, aliike pa shelefu, zidziwike ine nditapita. Njira yonse ndinkapeka mathero. Mwamuna wafika pa benchi, ndiye chingachitike n'chiyani? Kwathu kuno mkazi akalondoledwa amabwerera, ankhoswe amakhalirana pansi, nkhani imatha.

Anandilandira ndi chimwemwe, tiyi ali kale patebulo. Jumbo ija anaiika pamiyendo.

"Eya, tiuzeni. Mathero aja mwawaona bwanji?"

"Anandikhudza zedi," ndinatero, maso ali m'kapu. "Komabe anachita bwino kubwerera kwa mwamuna wake. Banja ndi kupirira."

Anaika kapu yake patebulo. Kenako anayamba kumasula mfundo zija pang'onopang'ono, ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo ya Julaye. Anatembenuza buku, nayendetsa chala pa mano a mapepala aja. Apo m'pamene ndinaulula zonse, za chigafa, za chigayo, za chingambwe, mawu akuthamangitsana.

Za bambo anaseka, mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Koma kuseka kutatha anandiyang'ana.

"Zoti abwerere kwa mwamuna ameneyo, mwazitenga kuti? Inu mwawerenga buku lonseli, mwaona zimene ankamuchita, n'kumati abwerere?" Anapumira m'mwamba. "Ine ndinakupatsani inuyo chifukwa ndinkati mundimvetsa. Mukuganiza kuti pa Dowa pano ndinabwera ndi ana awiri ndekha chifukwa chiyani?"

Sindinkadziwa. Zaka zonsezo tinkakamba za akazi a m'mabuku, za iyeyo sindinafunsepo. Manyazi anandigwira moti tiyi uja sindinamumalize.

Pa gulu tikadali limodzi. Akawerenga buku labwino amalemba dzina lake, anzanga anayi aja n'kumalandirana, ine ndimangomva akukangana. Sanandikanizepo, koma sanandiitanenso pakhonde paja, ndipo ine kupempha ndimaopa. Kawiri konse ndakwera njinga mpaka pa Boma n'kubwerera pamsika, nditagula anyezi amene sindinkawafuna.