Khomo Lakutsogolo la Nyumba ya Gofu

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Sukulu ndinalekezera kumudzi konkuno, ndipo za nyumba ndimangodziwa zimene maso anga anaona.

Kumtunda kwa Magaleta kunali nyumba imene azungu a pa esiteti ankapumuliramo akatha kusewera gofu. Bwalo lawolo lero ndi minda ya kachewere. Makoma anali a njerwa zootcha, ochindikala moti ngakhale dzuwa liswe mtengo, mkati munkazizira. Khonde linazungulira mbali zitatu, kuti munthu azionera masewera ali chikhalire. Mkati munali chumuni, ndi timakabati tosungiramo ndodo za gofu. Kuseri kunali kazenera kamodzi kathabwa.

Agogo anga aamuna ankanyamulira azunguwo zikwama ali mnyamata. Tiyi ankalandirira pa kazenerako. Mkati anali asanalowemo.

A mpingo atagula malowo anati agwetsa nyumbayo, njerwa zake amangire tchalitchi. Kiyi anasungitsa ine, poti ndinkakhala pafupi. Kuyambira pamenepo mtima sunakhale m'malo. Ndikalima mzere umodzi, ndinkadzutsa mutu kuona ngati malata akadalipo. Ndinkafuna agogo alowemo isanagwe.

Ndinawapempha kuti andiperekeze. Pamene ndinkatsegula chitseko, iwo anali atazungulira kale kuseri, chipewa chili m'manja.

"Odi!" anatero pa kazenera.

"Agogo, muno mulibe munthu. Bwerani kutsogolo kuno."

"Iwe, mwini nyumba akachokapo, khomo limasuntha?"

"Eni ake ndi a mpingo tsopano. Inuyo si wa mpingo kodi?"

"Ndiye ndikaonemo chiyani? Mileme?" Anaseka n'kumapita.

Ndinayesanso, zinali zomwezo. Kukakamiza munthu wamkulu sindikanatha. Amisiri anafika, anayambira kuseri, khoma la kazenera lija n'kugwa. Ndinasiya khasu m'munda, ndinathamangira kwa agogo.

Atafika anaima pa mulu wa njerwa, akuyang'ana uku ndi uku.

"Tsono odi ndinenere pati?"

Mpata wolowera unalipo pomwepo, waukulu. Iwo sanadzerepo. Anazungulira, anakwera masitepe a pakhonde, anavula nsapato, analowa. Amisiri anaika nyundo pansi. Agogo anayenda mpaka pa chumuni, anatembenuka.

"Basi? Kanyumba kake n'komweka? Ine ndinkayesa mkatimu mungatayike munthu."

Anakhala pa zenera lalikulu akuyang'ana minda, mpaka kapitawo wa amisiriwo anawapempha kuti apereke mpata. Linali tsiku la 9 Novembala, 2022.