Edita Wosambitsa Maliro

Kumudzi kwa Edita, cha ku Kasenengwa, mkazi akamwalira anthu sankafunsana kuti asambitse ndani. Ankangotuma munthu kumunda kukamuitana. Iye ankasiya khasu pamzere pomwepo, n'kudzera kunyumba kukatenga chitenje chochapa ndi kachidutswa ka sopo, ulendo wa kusiwa.

Ntchitoyi sanachite kuifuna. Kwawo kunali ku Chiparamba, ndipo ku Kasenengwa anapitako chitengwa atakwatiwa ndi Enoch, mlimi wa thonje wofatsa amene mawu ake ankamveka kwambiri m'kwaya ya kutchalitchi kuposa pakhomo. Mwana wawo woyamba anamwalira atangoyamba kuyenda, m'kati mwa dzinja, atatsegula m'mimba. Anthu anati ndi mano. Azimayi amene anabwera kudzakonza kamtemboko ankagwira mwachangu ngati akutsuka mbale, moti Edita, amene ankalira pakona, anadzuka n'kuwalanda nsalu, n'kumupukuta yekha mwana wake pang'onopang'ono mpaka m'kati mwa tizala. Ena anamudzudzula kuti make wa mwana sachita zotero. Koma Rosina, mnzake wopemphera naye mumphakati, anaona ndipo anasunga mumtima. Apongozi a Rosina atamwalira chaka chotsatira, iye anaumirira kuti Edita alowe nawo m'nyumba.

Kuyambira pamenepo anasambitsa ambiri, okalamba ndi atsikana omwe, Akatolika ndi a mipingo ina. Ankalankhula ndi womwalirayo chapansipansi, kumuuza kuti atembenuke pang'ono, kumupepesa madzi akazizira. Anamfedwa ankati Edita akatuluka m'nyumba, nkhope ya m'bale wawo inkaoneka ngati wangogona. Pa ana amene anabereka pambuyo pake anakula mmodzi yekha, Tamiwe, amene anakwatiwa kutauni n'kumakhala ku Kapata.

Mudziwo unali ndi mjigo umodzi. Chaka china unathyoka mvula isanayambe, ndipo a komiti ya madzi anati chitsulo chake chikagulidwe ku Chipata. Nkhaniyo inangothera m'misonkhano, poti mitima ya anthu inali pa mbewu ndi feteleza. Azimayi anabwerera kudambo kukafukula zitsime zakale za m'mbali mwa madimba, kumene ng'ombe zinkamwanso. Mu Januwale mvula inagwa yosalekeza. Dothi la kumeneko ndi lamchenga, choncho zimbudzi zinayamba kugumuka. Cha pakhomo pa Edita chinatitimira denga lake lomwe, ndipo Enoch anati akumba china akamaliza kupalira. Amuna ambiri ananenanso chimodzimodzi. Anthu ankangolowa m'thengo la kumtunda kwa dambo, ndipo mvula ikagwa zonse zinkakokolokera kumunsi.

Madzi ankabwera kunyumba ali ngati tiyi wamkaka. Edita ankawasefa ndi nsalu n'kuwasiya mumtsuko kuti adikhe. Zowiritsa anazimvapo kusikelo kalekale, koma nkhuni zinali zonyowa, zongokwanira kuphikira.

Woyamba kumwalira anali Lusiya, mkazi wa mwana wa Rosina, mtsikana wamphamvu amene dzulo lake anthu anamuona akusenza mtolo wa udzu. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, zotuluka zili zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Pofika masana maso anali atalowa, ndipo anatsirizika akumufunira ngolo. Anthu anati wadya bowa woipa. Rosina anabwera yekha kudzaitana mnzakeyo.

Ntchito ya tsiku limenelo inali yaikulu. Edita anasambitsa mtembo, n'kuchapa nsalu zonse ndi mphasa, mpaka sopo anatheratu. Atatuluka anasamba m'manja ndi madzi okha. Kumoto kunali azimayi ochepa, chifukwa ena anali kunyumba ndi ana amene anali atayamba kale kudwala, choncho anamanga chitenje n'kukathandiza kupakula. Beseni losambira m'manja linali limodzi, ndipo linayenda kuchokera kwa akuluakulu mpaka kwa ana, madzi ake osasinthidwa. Mbale ya anthu a kwaya anaipereka ndi iyeyo, n'kumuikira Enoch nyama pambali poti anali ataimba kuyambira m'mawa.

Sabata isanathe, pafupifupi khomo lililonse linali ndi wodwala. Enoch anapezeka atakhala pansi m'munda wa thonje, akulephera kudzuka. Edita anamusungunulira mchere ndi shuga m'madzi a mumtsuko omwe aja, koma chilichonse chimene ankamwa chinkabwerera. Bwezani, mnansi wawo, anamanga ng'ombe pangolo. Msewu unali matope okhaokha, ndipo pamtsinje anadikira nthawi yaitali kuti madzi aphwe. Edita anapakata mutu wa mwamuna wake, akuona khungu la m'manja mwake likukwinyika ngati la munthu amene wakhalitsa m'madzi.

Kuchipatala anapeza atamanga tenti panja, atazunguliza chingwe. Apa m'pamene Edita anamva koyamba dzina la matendawo, kolera. Anamuuza kuti aponde m'madzi a mankhwala ndipo asapitirire chingwecho. Pamene ankamunyamula pamachira, Enoch anatembenuza mutu.

"Amake Tamiwe, mumuuze Bwezani apopere thonje lija. Mbozi zayamba."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene Edita anamva kwa iye. Anamwalira m'mawa mwake, madzi a diripi akadali pamkono.

Mtembo unabwera kumudzi pagalimoto ya chipatala, uli m'thumba lapulasitiki lomata, anthu ovala magolovesi ndi majombo atakhala m'mbali. Anati aikidwe tsiku lomwelo, pasakhale kugona pamaliro, pasaphikidwe chilichonse. Edita ankadziwa kuti mwamuna amasambitsidwa ndi amuna anzake, ndipo sanayembekezere zambiri. Anangotenga malaya oyera amene Enoch ankavala kukwaya, n'kupita nawo kwa namwino amene ankatsogolera gululo.

"Mwanawe, tamuvekani awa. Ine ndingomupukuta kumaso kokha."

"Pepani amama, thumbali silitsegulidwa. Mungadwale nanunso."

Namwinoyo anali wamng'ono kwa Tamiwe, ndipo maso ake anali ofiira ndi kutopa. Edita sanaumirire. Anaima patali pamodzi ndi ena, malaya ali m'manja, akuona bokosi likupoperedwa mankhwala. A kwaya amene anali asanadwale anayesa kuimba, koma nyimbo inathera panjira. Tamiwe anafika dzuwa litapendeka, anapeza manda atakwirira kale.

Patapita masiku, a zaumoyo anaitanitsa msonkhano. Mkulu wawo anafotokoza mofatsa za zitsime za kudambo, za zimbudzi zogumuka ndi za ntchentche. Kenako anafika pa maliro a Lusiya. Anati mtembo wa munthu wa kolera umapatsira kwambiri, ndipo wousambitsa sayenera kuyandikira chakudya. Sanatchule dzina la munthu. Komabe Edita anaona azimayi amene anakhala naye pafupi akuyang'ana pansi, ndipo wina anasuntha pang'ono pamphasa. Mkuluyo anabwereza kuti gwero lake ndi madzi, kuti mudzi wonse unkamwa madzi a zitsime zomwezo, koma anthu anali atamva kale zimene ankafuna kumva.

Chimene chinakulitsa manong'onong'o n'chakuti Edita sanadwale ngakhale pang'ono. Iyenso zinkamuzunguza. Ankati akakhala pakhonde n'kumayesa kukumbukira amene anadya mbale zopakula iye ndi amene anadya za ena, koma sizinkalongosoka. Analipo odwala amene sanafike n'komwe pamaliropo. Analiponso Enoch.

Rosina anataya kamdzukulu kake, kamene Lusiya anasiya kakuyamwa. Kwa nthawi yaitali ankapatuka akamuona Edita panjira. Tsiku lina anakumana pamphambano yopanda pothawira, ndipo Rosina anatula mtolo wake wa nkhuni.

"Amake Tamiwe, musaganize kuti ndikukuimbani mlandu. Ndinakuitanani ndine. Kungoti ndikakuonani, zonse zija zimabwerera."

Edita anayankha kuti wamva. Anamuthandiza kusenza nkhunizo, aliyense n'kulowera kwake.

Mjigo unakonzedwa matendawo atatenga kale anthu, ndipo sizinatenge ngakhale tsiku lathunthu. Makomo onse analandira mankhwala othira m'madzi. Amuna anakumba zimbudzi, n'kupachika zigubu zosambira m'manja pambali pake. Edita anakumba chake yekha mpaka m'chiuno, Bwezani n'kudzamalizitsa. Thonje lija silinapoperedwe pa nthawi yake, moti anatola lochepa.

M'chilimwe mayi wina wokalamba anamwalira ndi chifuwa. Edita anamva kulira ali m'munda akukumba mtedza. Anaimirira, n'kumayang'ana njira yochokera kumudzi, koma sikunabwere munthu. Madzulo anapita kukakhala pamaliro ngati wina aliyense, ndipo chakudya chitafika ananena kuti wadya kale.

Tamiwe anabwera kudzamutenga mvula ina isanagwe. Munda anasiyira achibale a Enoch. Ku Kapata madzi ndi a pampopi, ngakhale amatuluka mwa apo ndi apo, ndipo Edita ndi amene amakhala pamzere ndi zigubu mwana wake akapita kumsika. Amasesa, amachapa, amalera adzukulu, koma mphika sagwira. Tamiwe anayesa kumunyengerera mpaka anatopa.

M'nyumba yoyandikana nawo mumakhala mayi wina wachisilamu, Zaitun, amene amakazinga mandasi ogulitsa. Anazolowerana pamzere wa madzi, ndipo tsiku lina Edita anamufotokozera zonse. Zaitun anamvetsera osamudula, kenako anati nayenso mchemwali wake anaikidwa m'thumba lotero, wosasambitsidwa, wosavekedwa nsanda. Atatero anamupempha kuti azibwera m'mawa kudzamuthandiza kukanda ufa, poti msana ukumuvuta. Edita anathokoza, nati aganizapo. Zaitun wafunsanso kangapo, ndipo yankho likadali lomwelo.