Nsomba za m'galasi ndi chigubu cha apongozi

Sabata ino mtima wanga sunakhale m'malo, ndipo zinayamba ndi nsomba zomwe sizidyedwa n'komwe.

Ku loji komwe ndimakolopa, ku Senga Bay, kuli thanki ya galasi pamalo olandirira alendo. Mumakhala nsomba zozungulira ngati mbale, zina zofiira, zina zabuluu. Akuti dzina lake ndi disikasi. Si za m'nyanja yathu ino, zinachokera kunja. Ndikamapukuta galasilo zimatsatira dzanja langa ngati ana a nkhuku.

Lachiwiri m'mawa ndinazipeza zitada. Zinali zitaunjikana pakona, zipsepse zitamatirira kuthupi, zikupuma mwawefuwefu. Imodzi inali itagona cham'mbali.

A manijala anatiitana tonse. "Ndani wathira zinthu m'madzimu?"

A Juma, amene amasamala maluwa ndi nsombazo, anakweza manja. "Wallahi, madamu, ine ndinangosintha madzi dzulo. Kungoti pampope panali pouma, ndiye ndinakatunga pamjigo ndi chigubu."

"Chigubu chiti?"

Anakachitenga. Chabuluu, cholimba, chotseka bwino, chogula pamsika ku Khombedza. A manijala anatsegula, n'kununkhiza, n'kubweza mutu msanga. "Umu munali mankhwala a kumunda, a Juma."

"Koma ndinatsuka, madamu! Ndi sopo, ndi mchenga womwe!"

A Mavuto, ophika athu, anati, "Nsomba za matamazi! Chikanakhala chambo chikanamwa n'kupempha ena."

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Mopu inandilemera m'manja.

Chigubu ngati chomwecho, mtundu womwewo, chitsekerero chomwecho, chinali kwathu kuseri kwa chitseko. Ndimo timasungira madzi akumwa. Ndimo ndimatunga madzi omwetsa Tadala, mwana wanga, amene wangoyamba kumene kuyenda.

Anabwera nacho ndi alamu anga, omwe amapopera mankhwala m'minda ya mpunga ku Lifuwu. Anapatsa mayi awo, apongozi anga, ngati mphatso. Ine pamudzi paja ndili pachitengwa. Ndiyambire pati kunena kuti mphatso ya mwana wawo woyamba ndi yoipa?

Inu amene mukuwerenga, tisanamizane. Kodi kuno kwathu chinthu cholimba timataya? Botolo la mankhwala a tomato timathiramo mafuta ophikira. Chitini cha penti timawiritsiramo madzi. Chigubu chikatha mankhwala chimayamba moyo wachiwiri, ndipo pamsika chimafika atachimatula kale pepala lija lojambulidwa chigaza. Timafunsa mtengo, timafunsa ngati chikudontha. Ndani amafunsa kuti munali chiyani?

Sindikunyoza munthu. Mjigo uli kutali, chigubu chatsopano n'chodula, mtsuko umasweka. Ndiye timatsuka, n'kununkhiza. Fungo likachepa timati basi, chayera. Dokotala wathu ndi mphuno.

A Juma nawo anatsuka. Nsomba zija sizinamve zoti anatsuka.

Tadala sakudwala, ndisaname. Akusewera, akudya. Koma mwezi watha anatsegula m'mimba, ife n'kumati ndi mano. Mwina analidi mano. Sindikudziwa, ndipo kusadziwako ndiye kukundidya. Nsomba ikadwala imada, aliyense amaona pagalasi. Nanga mwana amene sanayambe kuyankhula, ndimuonera pati?

Tsiku lomwelo ndinauza amuna anga. "Bambo a Tadala, mukawauze ndinu amayi."

"Iwe, ukufuna amve kuti achimwene anabweretsa poizoni m'nyumba? Nsomba ndi nsomba, munthu ndi munthu."

Lachitatu ndinamutungira Tadala madzi ake m'kabotolo ku loji, n'kukabisa m'chikwama ngati ndaba. Pofika kunyumba ndinapeza agogo ake akumumwetsa kale a m'chigubu, akumuimbira kanyimbo. Ndinaima pakhomo. Ndinapereka moni, n'kulowa. Kabotolo kaja kanatsala m'chikwama.

Lachinayi nsomba yogona cham'mbali ija inafa. A Juma anaikwirira m'maluwa. Zinazo, atazisinthira madzi abwino, zinayamba kubwerera mtundu pang'onopang'ono. Ndinaziyang'ana n'kukumbuka zija akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sindinkadziwa kuti mnzakoyo akhoza kukhala nsomba.

Nditaweruka ndinapeza apongozi akupeta mpunga pakhonde. Ndinagwada chapatali.

"Amayi, pepani, ndili ndi mawu."

"Nenani, amake Tadala."

Ndinanena zonse, maso ali pansi. Za thanki, za a Juma, za chigubu. Lichero linaima.

"Ndiye mwati ife tikhale ngati nsomba za azungu? Tamwera m'menemo kuyambira dzinja, wafa ndani?"

"Palibe, amayi. Koma mwanayu ndi wamng'ono."

Apongozi anaika lichero pansi. Tadala anali atagwira chitenje chawo, akukoka. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino. Mdzukulu wanga asamweremonso."

Lachisanu m'mawa kuseri kwa chitseko kunali mtsuko wathu wakale, wotsukidwa bwino, wovundikira ndi mbale. Chigubu panalibe. Ndinapuma mpweya womwe ndinausunga sabata yonse. Ndinanyamula ndowa kupita ku mjigo ndikumwetulira ndekha.

Panjira ndinakumana ndi anaBanda, anansi athu, mayi wa mapasa oyamwa. Wina kumsana, wina m'manja, pamutu chigubu chabuluu chodzaza madzi.

"Asisi, taonani zomwe andipatsa apongozi anu! Ati chikungodzaza malo. Mulungu awadalitse mayi amene uja!"

Apongozi si munthu woipa. Anandimvera chifukwa cha mdzukulu wawo, koma mumtima sanakhulupirire, ndipo manja awo sangathe kuboola chinthu chosadontha. Anachita zomwe tonse timachita: chomwe sitikuchifuna timapatsa amene alibe.

Nanga ine ndinatani? Ndinati, "Eya, n'chabwino," n'kupitirira. Ndinawadutsa iwo ali ndi mwana wina kumsana, wina m'manja, ine osanena kanthu.

Lero ndi Loweruka. Ndikulemba izi pakhonde, ndipo nyumba ya anaBanda ndikuiona. Chigubu chili pakhomo pawo, kapu ili pamwamba pake. Ndikayika cholemberachi pansi ndipita. Mwina aganiza kuti ndi nsanje, kuti ndikufuna kuwalanda mphatso. Mwina zikafika kwa apongozi zidzakhala nkhani. Koma ndanyamula ndowa yanga yatsopano yoti ndikawasiyire, ndi mpeni woboolera chigubucho, chifukwa ndikangochichotsa osachiboola, mawa ndidzakumana nacho pamutu pa mayi wina.

Ku loji kuja kunafunika galasi loonekera mkati ndi nsomba yodula kuti wina anunkhize chigubu. Kwanu kulibe nsomba zotero. Kuli ana.

Chigubu chomwe mwamwera lero, chisanabwere kwanu munali chiyani?