Kabokosi Konjenjemeretsa Gitala

A Gray Namakhwa anafika ku Durban ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, kuchokera kwawo ku Thyolo. Anayamba ndi kudula nzimbe ku Tongaat, nyengo ziwiri zathunthu, mpaka zikhatho zinauma gwa. Kenaka anapeza ntchito yosita zovala pa fakitale ina yosoka, nasamukira ku Cato Manor, m'kachipinda ka malata komwe akukhalabe mpaka lero ndi akazi awo, a Edda.

Kuntchito palibe amene amawadziwa kuti Gray. Kumeneko ndi a Bheki. Chizulu anachigwira msanga, ndipo foni yochokera kumudzi ikalira ali mu takisi amangoidula, n'kudzaimba atafika m'nyumba, chitseko chili chotseka. Si zachilendo zimenezi, ambirife timatero kuno.

Ine ndinawadziwira ku tchalitchi. Timapemphera m'galaja yakale, Amalawi okhaokha osapitirira makumi anayi, ndipo a Gray ndi amene amatikhwachira gitala. Gitalayo ndi ya magetsi, yofiira, yokandikakandika, yokhala ndi ampulifaya yaing'ono yonyamula ndi dzanja limodzi. Zonse ndi za mpingo, koma amaloledwa kupita nazo kunyumba kuti aziyeserera. Ndi munthu wofatsa, wosalankhulalankhula. Ukawafunsa za kumudzi amangoti, "Kuli bwino," basi nkhani yathera pomwepo.

Loweruka lina akudutsa pa Warwick Junction anaitanidwa ndi a Kasim, mkulu wa ku Mangochi amene amagulitsa machaja, marimoti ndi mawailesi akale pansi pa mlatho. Anapatsana moni m'Chizulu, mokweza, monga mwa nthawi zonse. Kenaka a Kasim anatsitsa mawu.

"Achimwene, inu oimbanu, tandiuzani. Ichi n'chiyani?"

Kanali kabokosi kachitsulo, kobiriwira, kokwana m'dzanja. Kanali ndi timabatani tiwiri topotokola, kanyale kofiira, ndi chopondera ndi phazi. Penti ya pa choponderacho inali itaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera. A Gray anali atakaonapo kotere pa foni.

"Ndi thiremolo iyi. Umalumikiza pakati pa gitala ndi ampulifaya. Ukaponda, mawu a gitala amakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati akunjenjemera."

"Eish. Ndiye ine ndimayesa chaja cha batire ya njinga yamoto. Tengani, chikungonditsekera malo."

Atafika kunyumba anagula batire pa shopu ya pakona, nalumikiza mawaya. Anakhwacha nsambo, naponda. Kanyale kanayamba kuphethira, ndipo gitala yosaukayo inalira mwa mtundu wina, mawu akubwera ngati mafunde. Anazindikira msanga kuti kabatani ka kumanzere kamasintha liwiro la kunjenjemerako, pomwe ka kumanja kamasintha kuzama kwake. Ukangokapotokola pang'ono, mawu amagwedezeka mofatsa. Ukakafikitsa kumapeto, mawu amamveka, n'kudukiratu, n'kumvekanso, pakati pakutsala mpata wa zii.

Lamulungu lotsatira anakayesa pa nyimbo ya pang'onopang'ono yotsekulira pemphero. Ndinalipo. Amayi awiri analira, ndipo abusa atatha mapemphero anadzaima pafupi n'kumakayang'ana kabokosiko. Kwa miyezi itatu a Gray anakagwiritsa ntchito bwinobwino. Anaphunzira kuti pa makolasi othamanga kamangosokoneza, ndiye ankakazimitsa. Anaphunziranso kufananitsa kuphethira kwa kanyale ndi kugunda kwa ng'oma, chifukwa zikasiyana oimba amatayana.

Zachilendo zinayamba masana, dzuwa lili pamutu, Loweruka la mwezi wa Febuluwale. Malata ankachita kuthetheka ndi kutentha. A Edda ankachapa panja, ana a anthu oyandikana nawo akusewera mpira m'kanjira. A Gray, pongofuna kumva, anapotokola kuzama mpaka kumapeto, liwiro n'kulitsitsa kotheratu. Anakhwacha kamodzi n'kusiya nsambo zikulira. Mawu anabwera, anaduka, anabweranso. Pa kuduka kwachitatu anamva ngati munthu akukoka mpweya.

Anagwira nsambo ndi chikhatho. M'nyumba munali zii, kupatula kasokosi ka ampulifaya. Anakhwachanso. Mpweya uja unamvekanso, m'mipata mokhamokha, momwe gitala yadukira.

A Edda analowa, manja ali thovu lokhalokha.

"Bambo, mlendo uja ali kuti?"

"Mlendo uti?"

"Amene mumalankhula nayeyo. Ndamva Chichewa ine, ndiye ndimati ndikuuzeni mutsitse mawu, zenera lili pululu."

A Gray anawakodola kuti akhale pa bedi, nakhwachanso. Onse awiri anamva. Anali mawu a munthu wamwamuna, osasa, otopa, ochokera mu sipika momwemo koma ngati ali kutali kuseri kwa khoma. "Ine ndine..." gitala n'kubwera n'kuwaphimba. "...wa kwa..." gitala n'kuwaphimbanso. Nsambo zitasiya kulira, mawu nawonso anatha.

Vuto linali pomwepo. Popanda kukhwacha, munthuyo samamveka. Ukakhwacha, gitala imadya theka la zomwe akunena.

Lolemba a Gray ataweruka anapita ndi kabokosiko kwa a Kasim. Mkuluyo anamasula tizomangira, nayang'ana mkati ndi tochi, napemerera fumbi.

"Palibe chachilendo umu. Zinthu zakalezi zimakoka wailesi, makamaka waya akakhala wotha. Sinthani waya."

"Ndasintha, a Kasim. Ndi batire yomwe. Komanso ndi wailesi iti ya kuno yomwe ingamabwereze mawu amodzimodzi, m'Chichewa cha kwathu kumapiri?"

A Kasim anatseka kabokosiko pang'onopang'ono, nakakankhira kutali ndi katundu wawo. Anapukuta manja pa mkanjo. Ndiye anafotokoza kuti kanabwera m'thumba limodzi ndi wailesi, ayironi ndi mawaya, kuchokera kwa mayi wina wa ku Tongaat, MaNgcobo, amene mwamuna wake anali atangomwalira. Nambala ya mayiyo anali nayo.

A Gray anakwera takisi ya ku Tongaat Loweruka lotsatira. Anali asanapiteko chichokereni. Minda ya nzimbe inali chimodzimodzi, yobiriwira mpaka kumapeto kwa maso. MaNgcobo anali mayi wonenepa, wa zaka ngati makumi asanu, ndipo anawalandira pakhonde, nawapatsa mpando wa pulasitiki. Analankhula Chizulu.

Mwamunayo, anatero mayiyo, ankatchedwa Mandla. Anakhala naye zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankati kwawo ndi kumpoto, kufupi ndi malire, ndi chifukwa chake Chizulu chake chinkamveka mwina. Ankayendetsa thirakitala m'minda ya nzimbe, ndipo kumapeto kwa sabata ankaimba gitala m'maukwati. Gitalayo anatenga anzake a bandi. Kwawoko sanapiteko ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo akafunsidwa ankati abale onse anatha.

"Anadwala sabata imodzi yokha," anatero MaNgcobo. "Masiku atatu omaliza anasiya kundimva. Ndikamulankhula ankandiyang'ana ngati mlendo, n'kumayankha m'chilankhulo chomwe sindinachimvepo m'nyumba muno. Mnzake wina wa kuntchito atabwera kudzamuona ndi amene anandiuza kuti ndi cha ku Malawi."

Atamwalira anapeza kachitini pansi pa matiresi. Munali pasipoti yakale yomwe inanyowapo, masamba atamatana. Zowerengeka zinali ziwiri zokha: dzina loyamba, Jones, ndi boma lobadwira, Phalombe. Anamuika m'manda a ku Tongaat komweko, pa mtanda n'kulembapo Mandla, poti ndilo dzina lomwe anthu ankalidziwa.

Kenaka mayiyo anawayang'ana a Gray m'maso.

"Nanunso ndinu wa kumeneko, si choncho? Khuluma. Lankhulani ndimve."

A Gray anacheuka kuyang'ana kumsewu. Panali anthu awiri akudutsa ndi wilibala. Komabe analankhula, panja, masanasana. Anati, "Dzina langa ndine Gray, kwathu ndi ku Thyolo, pepani ndi maliro." MaNgcobo anagwira pakamwa n'kugwedeza mutu.

"Yebo. Ndi chimenecho."

Za mawu a mu sipika sanamuuze. Anati anangofuna kudziwa mwini wa kabokosiko.

Kuchokera tsiku limenelo a Gray anasintha. Loweruka lililonse akaweruka pa hafu dei ankatseka zenera, kutentha konseko, n'kukhala pansi ndi gitala. Anayesa kukhwacha mopepuka kuti mawu a munthuyo apose a nsambo, koma nawonso ankachepa chimodzimodzi. Anayesa kuwonjezera liwiro, mawuwo anangophwanyika tizidutswa tosamveka. Anajambula pa foni, koma pomvetsera munali gitala yokhayokha ndi mipata yopanda kanthu. Anaitana ine tsiku lina. Ndinene zoona: ndinamva chinachake, ngati munthu akupuma movutika, koma mawu enieni sindinawagwire. Sindinafune kubwereranso.

A Gray ankati akupita patsogolo. Pa miyezi iwiri anatolera izi: "ine ndine Jones", "mwana wa a", ndi "wa kwa Na". Dzina la kholo ndi la mudzi nthawi zonse linkagwera pomwe gitala ikulira. Ankayesa kuchedwetsa dzanja, kapena kuponda mochedwa, kuti mpata ugwere pena, koma munthuyo ankangoyambiranso poyamba. Ku tchalitchi anasiya kubweretsa kabokosiko. Anaonda, maso analowa, ndipo kuntchito anawotcha malaya awiri sabata imodzi.

A Edda anapirira mpaka Lamulungu lina titaweruka ku mapemphero. A Gray anagona pang'ono atadya. Gitala inali m'chikwama chake, ampulifaya yosalumikiza. A Edda akusankha nyemba pakhomo anamva mawu aja m'nyumba. Atasuzumira anapeza ndi amuna awo akulankhula kutulo, maso ali otseka, mawu osasa omwe sanali awo, akuduka ndi kubwera mofanana ndendende ndi kuphethira kwa kanyale kaja. "Ine ndine..." zii. "...wa kwa..." zii.

Sanawadzutse. Anatenga kabokosiko, anachotsa batire n'kuiponya m'ngalande, anakakulunga m'chitenje, n'kupita nako kwa mayi Zaina, amene amapikula nsapato ndi mabulangete kuno n'kumakagulitsa m'misika ya ku Zomba ndi ku Phalombe. Basi yawo inkanyamuka mawa lake.

"Achemwali, ndithandizeni. Mukafunse kumeneko ngati kuli banja lomwe mwana wawo Jones anapita ku Joni osabwerera. Mukawapeza muwapatse ichi. Mukapanda kuwapeza, musabwere nacho."

A Gray atadzuka n'kupeza kabokosi palibe, sanakalipe. Anangosiya kulankhula ndi akazi awo masabata awiri. "Ndinatsala pang'ono," ndi zokhazo zomwe ananena. Koma thupi linayamba kubwerera, ndipo zolankhula kutulo zija sizinachitikenso.

Mayi Zaina anabwera patatha mwezi ndi theka. Anati anafunsa pa msika wa Migowi ndi wa Chiringa, ndipo mbiri itamveka panabwera mabanja atatu. Onse atatu anali ndi Jones wawo amene anapita ku Joni kalekale n'kungoti zii. Onse atatu ankati wawoyo ankakonda zoimba. Chithunzi cha malemuyo panalibe choti awaonetse, ndipo palibe mudzi mwa itatuyo womwe dzina lake limayamba ndi "Na".

Pakati pawo panali mayi wina wokalamba wa cha ku Chiringa, wosaona bwino, amene anabwera atagwidwa dzanja ndi mpongozi wake. Anapempha kuti agwireko kabokosiko. Atakalandira anakasisita, chala chake chinapeza pa chopondera poperepeseka paja, ndipo anakana kukabweza. Sanalire, sanakangane ndi wina aliyense. Anangokapanira m'khwapa n'kuuza mpongozi wakeyo kuti, "Tiyeni." Mabanja enawo anayang'anizana n'kumuleka.

A Gray atamva anafunsa funso limodzi: "Nanga ngati si kwawo?"

Ulendo wotsatira mayi Zaina anakumana ndi mpongozi uja pa msika. Anawauza kuti apongozi ake amakasunga kabokosiko pa zenera, ndipo masana anthu akapita kumunda amakaika pakhutu, n'kumayankha ngati ali pa foni. Batire mulibe, waya palibe, mudziwo ulibe n'komwe magetsi.

"Ndiye amati akumva chiyani?" anafunsa mayi Zaina.

"Ife timangoti ndi ukalamba. Koma iwo amati Jones za iye mwini sakunenanso. Akungofunsa za bambo amene ankamuimbira uja, kuti anasiyiranji, nanga abwera liti."

Mayi Zaina anali asanauzepo munthu aliyense kumeneko kuti kunali wina amene ankaimbira kabokosiko. Nkhaniyi anauza a Edda okha, a Edda n'kudzauza akazi anga. A Gray sakuidziwa mpaka pano. Chaka chino akukonza zopita kumudzi pa Khirisimasi, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sabata yatha anandifunsa ngati ndikudziwa mtunda wa kuchokera ku Thyolo kukafika ku Chiringa. Ndinawayankha kuti sindinapiteko.