Pepani wa Pamaliro

Zimene ndinataya ndi izi. Mkazi wanga. Nyumba imene ndinamanga kwawo, kuseri kwa Chonde, poti ndinali mkamwini. Munda wa zinanazi. Ulemu umene ndinkapereka kwa abusa ena amene anandiphunzitsa ku koleji.

Abusawo ndi ophunzira kwambiri za umulungu. Ntchito yawo ndi kuyanjanitsa anthu amene anazunzana nthawi ya chipani chimodzi. Ndine ndinawaitana kwathu.

Apongozi anga aamuna anatengedwa pa esiteti ya tiyi mkazi wanga asanabadwe, ndipo sanabwerenso. Amene anawaneneza anali kapitawo wawo, ndipo akadali moyo. Mkazi wanga ankangofuna kuti munthuyo anene yekha kuti analakwa.

Tinakumana m'kalasi ya pulayimale. Kapitawoyo anavula chipewa nati, "Pepani, mayi."

Abusa anawomba m'manja. "Wamva, mwananga? Apepesa. Gwiranani chanza."

"Abusa," anatero mkazi wanga, "pepani ameneyu ndi uti? Wa munthu wolakwa, kapena uja timauzana pamaliro?"

Anthu anaseka. Abusa nawonso anaseka, nati liwu lake ndi limodzi lomwelo. Anatenga dzanja la mkazi wanga n'kuliyika m'dzanja la kapitawo, wina n'kujambula. Chithunzicho amachionetsa m'misonkhano ya kunja, kumene amauza azungu kuti ku Mulanje wolakwa anavomera.

Mvula isanathe mkazi wanga anadwala. Sanagone nthawi yaitali.

Pamaliro ake anabwera onse awiri, abusa ndi kapitawo. Anthu ankadutsa pamphasa pamene ndinakhala, aliyense ndi pepani wake: amalume, amayi a mvano, ngakhale mnyamata wa kabaza amene sankatidziwa. Kenako kapitawo anagwada, chipewa chomwe chija m'manja.

"Pepani, bambo."

"Mukupepesa chiyani?"

Nyimbo inayamba kuzilala.

"Aa, si maliro awa?"

"Nanga tsiku lija m'kalasi munkapepesa chiyani?"

Abusa anandigwira phewa. "Pano ayi, mwananga. Pano ndi pamaliro."

Ndinawauza kuti m'kalasi muja munalinso pamaliro, koma iwo sanazindikire. Mpaka lero abale a mkazi wanga amati sukulu inandichotsa ulemu. Sindinawafotokozere. Iwo kuchipatala kunalibe pamene mkazi wanga anandikoka malaya kuti ndiwerame.

"Amunanga, adzabwera ndithu. Akadzati pepani, musadzayankhe zikomo. Mudzamufunse kuti wa chiyani."