Tsiku limene ndinaba dzina la bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaba dzina la bambo anga. Tinkakhala ku Barking, ndipo kuseri kwa nyumba zathu kunkadutsa njira ya miyendo yotsata mtsinje, yaitali moti ankati ukailondola masiku awiri umatuluka mu London n'kukafika kunkhalango. Bambo ankaiyenda m'mawa uliwonse popita kuntchito kudepoti ya mabasi, ndipo Lamlungu ankanditenga. Kunena zoona, sinali njira yokongola. Panali matope onunkha, matayala otayidwa, ndi minga ya mabulosi imene inkandikala m'miyendo. Koma panjira imeneyo ndi pokhapo pamene bambo ankamasuka n'kumacheza nane. M'nyumba anali munthu wa mawu owerengeka, wotseka makatani masana omwe.

Lamlungu lina tinapeza mayi wachizungu atavala jekete yamvula, ali ndi mapu ndi mulu wa mafomu. Anati boma likufufuza ngati njirayo ikuyenera kutetezedwa ndi lamulo, poti kampani ina inkafuna kumangapo nyumba zosanjikizana. Ankafuna mboni, anthu amene aiyenda zaka makumi awiri osalekeza. Atamva kuti bambo anayamba kuiyenda chifikireni kuchokera ku Malawi, ine ndisanabadwe, anachita kuwomba m'manja. Bambo anamvetsera mwaulemu, n'kuthokoza, n'kumubwezera cholembera chake.

"Dzina langa silipita papepala la boma," anandiuza m'Chichewa tikuchoka. "Tiye."

Ine ndi pakamwa pangapa, ndinawayankha m'Chingerezi kuti kuno si ku Malawi. Ndinkadziwa kuti anachita kuthawa kwawo, koma kwa ine inali nkhani yakalekale, yotopetsa. Fomu imodzi ndinali nditaipinda kale m'thumba. Lolemba kusukulu ndinalembapo dzina lawo lonse, adiresi, nthawi imene amadutsa, n'kutsanzira siginecha imene ankasaina pa lipoti langa. Ndinakaiponya m'bokosi la positi ndikudziona ngwazi. Mumtima ndinkati ndikuwapulumutsira njira yawo.

Patapita masabata angapo kunabwera envulopu ya khaki yokhala ndi chidindo. Inkangowaitanira kumsonkhano kuti akapereke umboni. Bambo anaiwerenga ali chiimire pakhomo. Kenaka anakwera kuchipinda, ndipo ndinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi.

"Bambo a Tiya, ndi za footpath izi, njira yanu ija, si za immigration ayi," anatero amayi, akadali mu yunifolomu yakuchipatala. "Mapepala anu ali bwinobwino. Mukupita kuti?"

"Nanga dzina langa alidziwa bwanji? Akudziwa mpaka nthawi imene ndimadutsa. Akunditsatira ndani?"

Ndinaulula ndikulira. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, mwinanso lamba. Bambo anangokhala pansi pamasitepe n'kundiyankhula.

"Kwathu, mwanawe, amene anapereka dzina langa analinso wam'nyumba. Nayenso ankati akundithandiza."

Amayi ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti wam'nyumbayo anali mng'ono wa bambo. Iye anawalemba dzina osawafunsa pa kalata yodandaula imene aphunzitsi a pasukulu yawo anatumiza kuboma. Awiri mwa olembedwa pa kalatayo anatengedwa ndi anthu aboma, ndipo sanaonekenso. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma phula langalo anadya ndi bambo.

Kumsonkhano sanapite. Panjira paja sanapondenso, anayamba kukwera basi. Ankadziwa bwino kuti wolemba ndinali ine, koma mantha sanawachoke. Aliyense wovala jekete yamvula ankamuona ngati wotumidwa. Lamlungu lililonse ndinkavala nsapato zanga n'kuima pakhomo, iwo n'kungoti, "Pita ndi anzako." Ndinkakwiya, kenaka ndinkachita manyazi ndi mkwiyo wangawo.

Kafukufuku uja anatha patapita chaka ndi theka. Anati mboni zinachepa. Gawo lathu la njira silinatetezedwe, ndipo oyenda ulendo wautali anawapatutsira kumsewu waukulu, m'mbali mwa malole. Kenaka kunabwera mpanda wa malata. Nditawauza bambo, anangoti "Oo," maso ali pa TV.

Kwa zaka zambiri ndinkatukwana kampani ija ndi boma, chifukwa kutero kunali kosavuta. Mwina umboni wa bambo ukanathandiza, mwina ayi, sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti mantha a munthu sachoka chifukwa wamuuza kuti alibe maziko, ndipo ine, m'malo mofunsa kumene anachokera, ndinangowadumpha. Zimandipweteka mpaka pano. Mpanda uja unatsekera njira anthu onse, koma kwa bambo anga inali itatsekeka kale, ndipo anaitseka ndine. Anamwalira tisanayendenso limodzi.